Zipi Imene Inandimanga ku Tsangano

Tadala ndi Mphatso, ana anga, za ubwana wanga mukafunse amalume anu, iwo amazikamba bwino kuposa ine. Ine ndiyambira pa ntchito. Mutu uno ndaulemba makamaka chifukwa cha iwe Tadala. Sunandifunsepo chifukwa chimene unakulira ku Nzama kwa amayi ako aakulu pamene ine ndinali moyo, ndili ndi nyumba ndiponso ntchito, koma ndimaona mmene umasinthira nkhani wina akatchula Tsangano. Ndalemba monga ndikukumbukira. Ngati pena mawu akuwawa, ndi mmene alili mumtima mwanga mpaka lero.

Pa Boma, nditangotuluka ku koleji

Ndinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lothandiza alimi a mbatata ya kachewere ndi chimanga, ndili ndi setifiketi ya ulembi ndi kompyuta. Matipate anali atakhazikika, mabungwe ali mbwee pa Ntcheu, lililonse ndi galimoto yake yoyera. Setifiketi ija ndinkainyadira, koma kunena zoona, ku koleji tinkakhala gulu pa kompyuta imodzi, mmodzi akutaipa, ena tikusuzumira pamapewa pake. Anatiphunzitsa kukonza kalata, kusunga fayilo, ndi kuzimitsa makina bwino kuti asapse. Kupitirira pamenepo ndinali mbuli yovala bwino, ndipo tsiku lililonse ndinkalowa mu ofesi mtima uli m'mwamba kuti lero wina azindikira.

Amene anandilandira anali mayi Nachisale a ku rejisitiri, chipinda chosungiramo makalata. Anali munthu wa dongosolo kwambiri, ndipo anayamba ntchitoyo ine ndisanabadwe. Kalata iliyonse ankaipatsa nambala, n'kuiika m'chikuto chakechake. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "Mwana wanga, kanthu kakalowa muno kopanda nambala yanga, kwa ine sikanafike." Makompyuta atabwera sanasinthe. Fayilo iliyonse yochokera ku likulu ankaifufuta dzina, n'kulembapo nambala ya ku rejisitiri, n'kuitsekera m'foda yakeyake, monga ankachitira ndi mapepala. Mabwana ankawayamikira, inenso ndinkawasirira.

Pa Boma pomwepo ndinakwatiwa ndi bambo anu, iwe Tadala n'kubadwa. Utayamba kukwawa, bambo ako ananyamuka ulendo wa ku Joni, ati akakafika adzatiitana. Posakhalitsa ndinauzidwa kuti ku ofesi ya ku Tsangano atumizako kompyuta, ndipo kukufunika kalaliki woidziwa. Anati ndi za miyezi ingapo chabe. Sindinakane. Ndinali pa kontirakiti ya chaka ndi chaka, ndipo munthu wa kontirakiti sakana.

Ku Tsangano, iwe Tadala uli kumsana

Ndinakulira kumunsi, kuzizira kwa ku Tsangano sindinkakudziwa. Chifunga chinkatsika mpaka pakhomo, zovala pachingwe osauma, makoma a nyumba akutuluka madzi ngati thukuta. Ofesi inali zipinda ziwiri zogundana ndi depoti ya mbewu. Magetsi anali a sola, ndipo sola m'chifunga ndi chokongoletsera denga basi. Jenereta inalipo, mafuta ndiye ankabwera mwa apo ndi apo. Netiweki inali ndi mtima wake: ukaima pakhomo, foni inkasanduka ya ku Mozambique n'kukulandira ndi uthenga wa Chipwitikizi. Kuti ugwire ya kwathu kuno unkayenera kukwera pachulu kuseri kwa depoti.

Tinalipo atatu. Bwana Kadzuwa, mkulu wa ofesi, anali munthu wofatsa, wa kwaya ku tchalitchi, wosakalipa. Akafuna kanthu ankanditcha "mlongo wanga", akakhumudwa ankanditcha "akalaliki". Wachitatu anali a Ndau, dalaivala, bambo wachikulire amene anayendetsa mabwana ambiri n'kuwaona onse akuchoka.

Nyengo yozizira yoyamba ndi imene inaonetsa mphumu yako. M'mamawa chifuwa chako chinkaimba kamluzu, nthiti zikulowa mkati, iwe ukundiyang'ana osatha n'kulira komwe. Ndinasanduka munthu womvetsera. Ndikutaipa ndikumvetsera, ndikuphika ndikumvetsera, m'tchalitchi anzanga akuimba ine khutu lili pamsana. Namwino wa pachipatala chapafupi ankatilandira bwino, koma tsiku lina anandikokera pambali. "Mayi, ife tizikuthandizani mmene tingathere, koma mwanayu kuzizira kwa kuno sikukumuyanja. Ngati n'kotheka mukakhale naye kumunsi, pafupi ndi chipatala chachikulu." Ndinalemba kalata yopempha kuti andibwezere pa Boma. Lamulo linali lakuti kalata yotere siyenda popanda siginecha ya bwana wa pamalopo.

"Bwana, kalata yanga ija mwaiona?"

"Ndaiona, mlongo wanga, ili pabwino. Tiyeni tithane kaye ndi makhadi."

Chaka cha makhadi

Chaka chimenecho bungwe linafuna kuti mlimi aliyense wa m'makalabu akhale ndi khadi la chithunzi chake, loonetsa potenga mbewu pa depoti. Ojambula anabwera kuchokera ku likulu, anajambula anthu, n'kubwerera nazo zithunzi ku Lilongwe. Ntchito yathu inali kulandira makhadi okonzakonza pa kompyuta, kuwasindikiza ndi kuwagawa mvula isanagwe. Anawatumiza mu zipi. Inu a masiku ano mukuseka, koma ine mawuwo ndinawamva koyamba tsiku limenelo. Zipi ndi mmene amamangira mafayilo ambiri kukhala mtolo umodzi wothinana kuti uyende mosavuta, ndipo ukafika umafunika kuumasula.

Poyamba tinayesa kuikoka pa intaneti. Ndinapachika dongulo, kachipangizo kogwirira intaneti, pawindo ndi chingwe chachitali, n'kumayang'ana kamzere kakukwawa. Netiweki ikatembenukira ku Mozambique, kamzere kankaima, kenako fayilo n'kuonekera ndi dzina lake bwinobwino ngati yafika yonse. Ndikaidina, kabokosi kankatuluka kunena kuti ndi yowonongeka. Sindinkadziwa kuti yaduka panjira, kuti ndikanayang'ana kukula kwake ndikanaona kuti yafika theka. Ndinkaganiza kuti ndi manja anga. Ndinkafufuta, n'kuyambanso, mpaka batire la sola kutha.

"Akalaliki, mwaiwononga ndi chiyani?" anafunsa bwana Kadzuwa ataima kumbuyo kwanga.

"Sindinaikhudze, bwana, ndangoidina."

"Ndiye kudinako."

A ku likulu atamva, anaidula zipi ija m'zigawo zinayi n'kuitumiza pa Boma, kumene intaneti inali yolimba. Pa Boma anaiika pa fulashi, a Ndau n'kubwera nayo m'thumba la jekete. Nditaitsegula ndinapezamo mafoda anayi, iliyonse ili ndi nambala ya ku rejisitiri, m'kati mwa iliyonse muli fayilo imodzi ya nambala yomweyo. Ndinazindikira dzanja la mayi Nachisale ndipo mtima unakhala pansi, ndinati apa ndiye zinthu zili m'malo mwake. Koma mafayilo atatu anali ngati mapepala oyera, ndikawadina kompyuta inkandifunsa ineyo kuti iwatsegule ndi chiyani. Yachinayi inatseguka. Ndinaona mayina a alimi ali ndandanda, anthu amene ndinkagula nawo kabichi pamsika, koma ndikadina dzina lililonse, kabokosi kankakana. Ndikayesa kulikokera kunja, kankakananso. Zinali ngati kuona katundu wako pawindo chitseko chili chokhoma.

Masabata anadutsa. Alimi anayamba kubwera kudzafunsa, ena kuchokera kutali wapansi. Bambo wina wachikulire anasuzumira pakhomo nati, "Akalaliki, akuti nkhope zathu zakanirira m'makinamo. Ngati ndi yangayi yaopseza makina, ichotseni, anzanga alandire." Onse anaseka, inenso ndinaseka, koma ndinalowa m'depoti n'kukalirira kuseri kwa matumba. Iwe unali pachitenje pansi pa tebulo langa, pafupi ndi kambaula, chifukwa ndinalibe mtima wokusiya ndi munthu wina. Foni za ku likulu zinayamba kumuvuta bwana. Tsiku lina anatsika pachulu paja nkhope itagwa, n'kukhala pakona ya tebulo langa.

"Mlongo wanga, tsegulani zimenezi. Makhadi akatuluka, kalata yanu ndisaina tsiku lomwelo. Ndikunena pamaso pa a Ndau awa."

A Ndau anali pakhomo akupukuta manja ndi kansanza. Masana ake anandipeza pamsika ndikugula makala, n'kundithandiza kunyamula.

"Make Tadala, ndinene kapena ndisanene?"

"Nenani, bambo."

"Ine galimoto iyi ndanyamulira katundu wa anthu ambiri osamutsidwa. Sindinanyamulepo katundu wa munthu wothandiza. Wothandiza amakalambira pamene ali. Wopita pa Boma ndi uja walephera, amakamuika pafupi ndi maso a akuluakulu kuti asawonongenso."

"Ndiye mukuti ndilephere dala?"

"Dala lake liti? Si mukulephera kale? Ingopitirizani."

Ndinaseka, ndinati a Ndau ndi nthabwala zawo. Iwo sanaseke.

Pachulu, ndi zimene ndinachita nditatsika

Ku likulu kunali Esinati, mnzanga wa ku koleji, amene anapitiriza sukulu n'kulowa mbali ya makompyuta. Kalaliki wa kumudzi sankaloledwa kuimbira ku likulu mosadzera kwa bwana, koma ine ndinamuimbira ngati mnzanga, Loweruka, iwe uli kumsana, ndili pachulu.

"Iwe, zigawo zija uli nazo zonse zinayi?" anafunsa.

"Zonse, chilichonse m'foda yake."

"Foda yake? Anazilekanitsa ndani? Tandiwerengera mayina."

Ndinamuwerengera manambala a mayi Nachisale. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Amayi a ku rejisitiri aja adakalipo? Tamvera, mwali. Zigawozo si mafayilo anayi, ndi chinthu chimodzi chodulidwa. Zimazindikirana ndi dzina. Zonse zikhale m'foda imodzi, dzina limodzi, zizisiyana kamchira kokha ka kumapeto. Chimene chikukuonetsa mayinacho ndi chomaliza, chili ndi mndandanda chabe, katundu ali mwa zinzakezo. Chikuziitana, koma iwo anazisintha mayina."

"Nanga ndidziwa bwanji choyamba ndi chachiwiri? Zitatu zonse n'zofanana kukula."

"Yang'ana nthawi imene chilichonse chinapangidwa. Dzina anasintha, nthawi sanaikhudze. Choyamba kubadwa ndicho choyamba. Ndipo kompyuta yako yokha siingathe zipi yodula, ikufunika kapulogalamu komasulira. N'kakang'ono, ngakhale netiweki yanu ya ku Mozambiqueyo ikakoka."

Anandiuza dzina lenileni la fayilo ndi timichira take, ine n'kulemba padzanja.

Apa ndi pamene ndikufuna umvetse, Tadala. Nditatsika pachulu paja, panalibe munthu pa Tsangano amene ankadziwa kuti njira ndaipeza. Ndikanatha kusamba m'manja, inki n'kuchoka, Lolemba n'kupitiriza kudina ndi kudandaula. A ku likulu akanatumiza munthu wawo, kapena akanasindikiza okha makhadiwo. Alimi akanachedwa, koma mbewu akanalandira. Ndinakhala nazo Lamulungu lonse. M'tchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkaganiza mawu a a Ndau, kenako n'kuganiza kontirakiti: munthu wolembedwa chifukwa cha setifiketi ya kompyuta akalephera kompyuta, amusamutsa kapena amuchotsa? Bambo ako anali atasiya kuimba foni. Ndikachotsedwa, mankhwala ako opopera m'kamwa ndikanawatenga kuti? Mbali inayo kunali mawu a munthu wamkulu, wa kwaya, onenedwa pamaso pa mboni. Ndipo ndisabise, ndinali nditatopa kuoneka chitsiru. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha lakuti bwana asanditche "akalaliki" ndi mawu aja. Ndinasankha kukhulupirira lonjezo.

Lolemba dzuwa linawala, sola inagwira. Kapulogalamu kaja kanabwera nditayesa kachiwiri. Ndinatulutsa zigawo zija m'mafoda a mayi Nachisale n'kuziika pamodzi, ndinazindandalika potsata nthawi, n'kuzibwezera mayina ake. Nditalamula kuti imasule, kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Kanafika pakati n'kuima. Kabokosi kanati malo atha. Ndinafufuza chimene chadzaza kompyuta ya ofesi, n'kupeza mafilimu a ku Nigeria, mavidiyo a kwaya ndi ukwati wa mphwawo wa bwana. Sindinafufute kanthu, ndinasamutsira zina pa fulashi ija, n'kuyambanso. Ulendo uno kamzere kanafika kumapeto. Foda inatseguka, nkhope zinadzaza sikirini, amayi atamanga mipango yawo ya ku tchalitchi, abambo atakweza zibwano ngati asilikali. Bambo uja woopseza makina analipo, akumwetulira ndi dzino limodzi.

Bwana Kadzuwa anawomba m'manja. Anandigulira fanta. A Ndau anasuzumira pa sikirini, anandiyang'ana, n'kutuluka kukatsuka galimoto.

Makhadi atagawidwa

Ndinadikira kuti makhadi onse afike kwa eni ake, kuti asanene kuti ndafulumira. Kenako ndinalowa mu ofesi mwawo nditavala bwino.

"Bwana, ndabwerera kalata ija."

"Khalani pansi, mlongo wanga. Mwamva nkhani yabwino? Ofesi yathu ndi yokhayo imene yatulutsa makhadi pa nthawi yake. A ku likulu akondwa. Akuti kuyambira tsopano zonse zizibwera mu zipi, nyengo iliyonse, ndipo maofesi anzathu akakanika azitumiza mafulashi awo kuno."

"Zikomo, bwana. Nanga kalata?"

"Mukachoka, azitsegula ndani?"

"Ndiphunzitsa wina. Si zovuta, ndi kungoika pamodzi ndi kubwezera mayina."

"Wina wake ndani? Ine ndi a Ndau?"

"Munalonjeza, bwana. Mwana uja mukumuona nokha."

"Ndinalonjeza ndisanadziwe kuti ndinu munthu wofunika chonchi. Muzinyadira. Mwana tizimupempherera, ana amakula nazo zimenezi n'kusiya. Tidikire nyengo ino ithe."

Sanakweze mawu. Akanakalipa mwina ndikanakalipa nanenso. Ndinayankha kuti zikomo, n'kutuluka, ndipo zikomo ameneyo amandiwawa kuposa zonse zimene ananena iwo.

Ndinayesa njira zina. Ndinalemba masitepe onse papepala n'kumata pakhoma pafupi ndi kompyuta, kuti aliyense athe. Bwana ankadutsa osaliyang'ana, mpaka chinyezi chinalidya. Nditapita pa Boma ndinalowa ku rejisitiri, ndinagwada pafupi ndi mpando wa mayi Nachisale, n'kuwapempha kuti zigawo za zipi asamazisinthe mayina. Anavula magalasi. "Mwana wanga, ndinakulandira ndine muno. Lero undiphunzitse kusunga mafayilo?" Anapitiriza mpaka anapuma pa ntchito, ndipo nyengo iliyonse mafulashi a maofesi onse ankafika pa tebulo langa ali ndi manambala awo aukhondo, ine n'kumabwezera mayina. Dongosolo la mayi amene ndinkawasirira ndi limene linkandisunga pa Tsangano.

Ku ofesi ina ya kumapiri komweko kunali kalaliki mnzanga amene zipi inamukanika mpaka mvula inagwa. Sanamuchotse. Anamusamutsira pa Boma kuti azikayang'aniridwa, ndipo anakakhala pa tebulo langa lakale, pafupi ndi windo loyang'ana njira ya ku chipatala. Katundu wake ananyamula ndi a Ndau. Atabwerako ndinawafunsa ngati ayenda bwino. Anati, "Bwino, make Tadala. Mipando yake ndi yopepuka." Sanawonjezere kanthu, ndipo ndimawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

Nyengo yozizira yotsatira

Mwezi wa chifunga utabweranso, m'mawa wina kamluzu kaja sikanamveke, ndipo ndinali nditaphunzira kuti kukhala chete ndi koopsa kuposa kamluzu. Milomo yako inada. Galimoto ya ofesi inali itapita ndi bwana ku msonkhano. Tinakwera lole ya kachewere, ine pamwamba pa matumba nditakufungatira, msewu wa mabampu uja ukutiponya uku ndi uku, ndikukuitana dzina kuti usagone. Unachira. Koma tili m'chipatala ndinadziwa kuti kachiwiri sindidzakhala ndi mwayi wa lole.

Akulu anga a Felesiya anabwera kudzationa kuchokera ku Nzama. Kwawo kunali kofunda kusiyana ndi ku Tsangano, ndipo chipatala cha mishoni chinali chapafupi, choyenda wapansi.

"Ndipatse mwanayu," anatero. "Ukasamutsidwa udzamutenga."

"Achemwali, sanakwanitse n'zaka zitatu zomwe."

"Ukufuna akwanitse kapena ayi?"

Tsiku lokusiya ndinawafotokozera za mankhwala mobwerezabwereza mpaka anandikalipira. Ndinawaonetsa mmene amamvetsera pamsana, mmene amaonera nthiti. Iwe unali kuseri kwa nyumba ukuthamangitsa anapiye ndi ana anzako. A Felesiya anati ndizembe usanaone. Ndinazemba ngati wakuba. Ku Tsangano ndinapitiriza kumvetsera kwa miyezi, m'nyumba mopanda womvetsera.

Ndinkabwera mwezi ndi mwezi, nthawi ya mvula msewu ukalola. Chaka chilichonse ndinkalembanso kalata. Bwana Kadzuwa anakwezedwa n'kupita ku likulu, mwa zina chifukwa cha mbiri ya makhadi a ku Tsangano. Potsanzika anauza wolowa m'malo mwawo, ine ndili pomwepo, kuti, "Mayi awa musawataye, ndiwo ofesi ino." Watsopanoyo anamvera. Bambo anu anabwerako ku Joni kwa kanthawi, iwe Mphatso n'kubadwa, iwo n'kubwereranso. Iwe Mphatso chifuwa chako chinali cholimba, unakulira m'chifunga osatsokomola n'komwe, ndipo ndikudziwa kuti nkhani imeneyi ili ndi kuwawa kwake pakati pa inu awiri.

Kusiya ntchito ndinakuganizira kambirimbiri. Ndikanasiya, tikanadalira a Felesiya tonse atatu, ndipo sukulu imene mwaphunzirayi sindikudziwa ikanachokera kuti. Sindikulemba izi kuti ndipepese. Ndinagwira ntchito imene anandilembera, ndinaigwira bwino, ndipo malipiro ake anali amenewo.

Ku Champiti, mpaka kupuma

Kusamutsidwa kunabwera pamene bungwe linasiya zipi n'kuyamba kulembera alimi pa mafoni. Mwadzidzidzi ndinasiya kukhala ofesi. Panalibe amene anakumbukira kuti ndinkapempha Boma. Ananditumiza ku Champiti, kwa alimi a chimanga, kumene ndinakhala mpaka maso atayamba kundivuta ndi sikirini n'kupuma pa ntchito nthawi isanakwane. Za kumeneko zilibe zambiri, anthu ake anali abwino.

Koma ku Champiti kunalibe chifunga chija, ndipo chipatala chinali pafupi. Nditangopeza nyumba, ndinakonza chipinda chako, Tadala. Ndinagula bedi, ndinasoketsa makatani, ndinakalankhula ndi aphunzitsi aakulu za malo m'kalasi. Kenako ndinapita ku Nzama kukakutenga. Unali utatalika kufika paphewa langa, mphumu itayamba kukusiya. Unandilandira chikwama, unandipatsa madzi utagwada, mwaulemu wonse umene a Felesiya anakuphunzitsa. Tinakhala pakhonde atatu.

"Tadala, amayi ako asamuka ku Tsangano," anatero a Felesiya. "Abwera kudzakutenga."

Unayang'ana iwo, osati ine.

"Chipinda chako chilipo kale," ndinatero. "Chako wekha. Sukulu ili pafupi."

Unakanda simenti ndi chala. Kenako unandiyankha ndi mawu ofatsa, osafuna kundikhumudwitsa.

"Zikomo, amayi. Ndibwera pa holide. Koma sukulu ikamatsegulira mudzandiperekeze, ndizibwerera kwathu."

A Felesiya anatsegula pakamwa kuti akudzudzule, ine ndinawagwira dzanja. Unali usananame. Ndinagona kumeneko, m'mawa n'kukwera minibasi ndekha. Pa holide unabweradi, ndipo sukulu itayandikira ndinakuperekeza.